A Chitseko, Goloboyi Amene Sanagulitse Mpira

Malemu amene agona m'bokosi patsogolo pathupa anabadwa pa 14 Juni 1957, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa fakitale ya sopo kumene bambo awo ankagwira ntchito ya ulonda. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndatumidwa kuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mchimwene wa mayi aferedwawa. Abusa, ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, mundipirire, chifukwa banja landilamula kuti ndiwerenge zonse monga zalembedwera, osadumpha mzere. Wina akamva mpando ukutentha, vuto si mpandowo.

Anayamba sukulu mu 1964. Pamaso pa maliro sitinama: malemu ndi mabuku sankamwerana madzi. Chimene Mulungu anawaninkha ndi manja, zikhatho zazikulu ngati mafosholo. Tsiku lina amisiri omanga kalasi yatsopano ankaponyerana njerwa, ndipo malemu anaima nawo pamzere n'kumawakha njerwazo ndi dzanja limodzi uku akucheza. Mphunzitsi wa masewero ataona zimenezo, anawatenga tsiku lomwelo n'kukawaimika pagolo. Sanachokeponso, mpaka anthu anadzachita kuwachotsa.

Mu 1974 anasiyira sukulu Fomu 2, ndipo chaka chotsatira analembedwa ntchito yowotcherera zitsulo m'galaja ya kampani ya mabasi. M'mawa ankakhala kunsi kwa basi ndi moto, madzulo ankakhala pagolo la timu ya kampaniyo. Dzina lakuti Chitseko, limene ambiri mumawadziwa nalo, anawapatsa ndi wolengeza mpira pa wailesi mu 1978, atakuwa kuti, "Abale, pagolo apa palibe munthu, pali chitseko!" Mu 1979 anaitanidwa ku timu ya dziko, ndipo jezi ya dziko anaivala ka 41. Chiwerengerochi tachitenga m'kabuku ka mayiwa, chifukwa ku ofesi ya bungwe loyendetsa mpira anatiuza kuti mafayilo a zaka zimenezo anadyedwa ndi chiswe. Chiswe cha ku ofesi imeneyo n'chophunzira, chimasankha mafayilo.

Pa 2 Meyi 1981 anamanga banja ndi mlongo wanga, amene panthawiyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndivomere pano kuti ukwatiwu ndinaukana. Ndinati munthu amene ntchito yake ndi kudzigwetsa m'fumbi sangasunge banja. Mlongo wanga anandiyankha kuti, "Achimwene, inu mukamwa mumagwa popanda wokuomberani m'manja. Awa akagwa, dziko lonse limaimirira."

Tsiku limene dziko lino limakonda kukumbukira ndi la 12 Sepitembala 1982. Kunabwera timu ya dziko lina imene inali itangotenga kumene chikho, timu yosagonja kwa zaka ziwiri, ya osewera okwera ndege monga ife tikwerera minibasi. Nyuzipepala sizinkafunsa ngati tigonje, zinkangokangana kuti tichinyidwa zingati. Anyamata athu anagoletsa chimodzi m'chigawo choyamba, kenako mpira wonse unasamukira pagolo la malemu. Anawakha ya m'mwamba, anawakha ya pansi, ina anachotsa ndi bondo, ina ndi chipumi. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, womwetsa zigoli wa alendowo anawaponda chala chapakati cha dzanja lamanja n'kuchithyola. Anachimanga ndi pulasitala pamodzi ndi chinzake, n'kubwerera pagolo.

Kutatsala mphindi ziwiri, woyimbira analoza penate. Amene munalipo mukukumbukira kuti bwalo lonse linangoti zii, moti mbendera inkamveka ikukupiza pamwamba. Womenya anali yemwe uja anawathyola chala, munthu amene anali asanaphonyepo penate. Malemu anatiuza pambuyo pake kuti sanayang'ane mpira, sanayang'anenso maso a munthuyo, anayang'ana phazi limene anapondera. Anadziponya kumanja, mpira unawapeza pa chala chothyoka chomwecho, n'kupita kunja. Tinapambana 1 kwa 0. Anthu anawanyamula pamapewa kuchokera pabwalo mpaka ku depoti ya mabasi, ndipo ena mwa ana obadwa mwezi umenewo mpaka lero amatchedwa Chitseko.

Chithunzi cha tsikulo chinatuluka m'nyuzipepala zonse. Malemu ali pakati, dzanja lawo la pulasitala lili paphewa la bambo wina amene akumwetulira mano onse pamtunda. Bamboyo panthawiyo anali woyang'anira timu. Lero ndi apampando a bungwe loyendetsa mpira. Ofuna kuwaona simuvutika: akhala kutsogolo kuno, avala magalasi akuda, ndipo chiyambire mwambo uno akhala akupukuta m'maso ndi kampango kouma.

Tsopano tifike pa tsiku limene dziko lino limalikumbukira molakwika. Mu Okutobala 1985 timu inapita kunja kukasewera mpira womaliza wa chipulula. Kulepherana kokha kunali kokwanira kuti dziko lathu lipite ku mpikisano waukulu kwa nthawi yoyamba. Timu iliyonse imayenda ndi agoloboyi awiri. Yathu inayenda ndi mmodzi. Wachiwiriyo anamusiya pabwalo la ndege chikwama chili m'manja, chifukwa mpando wake anaupereka kwa mayi wina amene pa mndandanda analembedwa kuti ndi wosisita osewera minofu. Osewera amene akadali moyo akhoza kuchitira umboni kuti palibe mnofu wa wosewera umene mayiyo anaukhudza. Chipinda chake ku hotela chinali choyandikana ndi cha woyang'anira timu.

Kutatsala masiku atatu, ali pokonzekera, malemu anagundidwa ndi chigongono pa diso lamanzere. Diso linatupa n'kufiira ngati khala la moto. Dokotala wa timu anawaunika n'kulemba kuti asasewere, ndipo kuti akasewera disolo liwonongeka. M'mawa wa tsiku la mpira woyang'anira timu anawaitanitsa m'chipinda mwawo, kaputeni ndi dokotala ali momwemo. Mawu amene analankhulidwa m'chipindamo malemu anatiuza kambirimbiri, osasintha ngakhale amodzi.

"Diso linalo likuona?" anafunsa woyang'anira timu.

"Likuona, bwana. Koma mpira ukabwera m'mwamba ndikumaona iwiri."

"Ndiye ugwire yonse iwiri. Manja si uli nawo awiri? Ukakana, ku kampani ya mabasi kuja ndingoimbako foni imodzi."

Dokotala anayang'ana nsapato zake. Kaputeni anayang'ana pawindo. Malemu, amene kunyumba anasiya mkazi, mwana wa zaka zitatu ndi wina wa kumsana, anatuluka n'kukavala magolovesi.

Anatseka golo mphindi 89 ndi diso limodzi ndi theka. Wolengeza mpira anawerenga mipira khumi ndi inayi imene anapulumutsa. Mphindi yomaliza kunabwera mpira wa m'mwamba kuchokera kumanzere, mpira wofewa woti masiku ena akanauwakha akuyasamula. Anaona iwiri, analumphira umodzi, ndipo umene analumphirawo kunalibe. Weniweniwo unadutsa pafupi ndi khutu lawo n'kulowa. Tinagonja 1 kwa 0.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndege itangotera, osewera asanatole n'komwe zikwama, woyang'anira timu anali atauza kale atolankhani kuti goloboyi anaoneka ku hotela akunong'onezana ndi anthu achilendo, ndipo kuti mpirawo anachita kugulitsa. Za goloboyi wachiwiri sanatchule. Za diso sanatchule. Komiti ya chilango inakhala pa 4 Novembala 1985, ndipo mlandu wa moyo wa munthu unatenga mphindi makumi awiri. Lipoti la dokotala linasowa. Komiti inafunsa kaputeni, munthu amene anagona chipinda chimodzi ndi malemu m'maulendo onse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, munthu amene anaimira ukwati wawo. Anayankha kuti, "Ine za diso sindikukumbuka bwino." Chaka chotsatira anapatsidwa uphunzitsi wa timu ya dziko. Nawonso abwera, ndi amene alowa ndi nkhata ya maluwa yaikulu ija. Tikuthokoza Mulungu kuti mutu wawo unachira, chifukwa dzulo pa wailesi afotokoza penate ya 1982 bwinobwino, ngati anaigwira ndi iwo.

Chigamulo chinali chakuti malemu asadzasewerenso, asadzaphunzitse, ndipo asadzaponde pabwalo lililonse la mpira mpaka imfa. Kampani ya mabasi inawachotsa ntchito sabata yomweyo. Anthu omwe aja anawanyamula pamapewa anabwera ndi miyala n'kuswa mawindo onse atatu a nyumba. Dzina analisintha, anayamba kuwatchula kuti Sefa. Azimayi anabwera kudzalanda nsalu zawo kwa mayiwa, zina zitadulidwa kale. Mwana wawo woyamba atayamba sukulu, anzake ankamufunsa m'mawa uliwonse kuti abambo ake akugulitsa chiyani lero. Ine ndinapita kukauza mlongo wanga kuti abwerere kaye kwathu mpaka zinthu zizizire. Anandiyankha akusesa magalasi osweka kuti, "Polowa munandiletsa, lero mukufuna kunditulutsa? Ngati mwabwera kudzathandiza, pitani mukagule mawindo." Ndinapita.

Mu 1986 malemu anakhoma kashedi ka malata anayi m'mbali mwa msewu wopita ku msika, n'kuyamba kuwotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi mawilibala. Anagwira ntchito pamenepo zaka 31. Diso lamanzere linazimiratu mu 1989, monga momwe dokotala analembera. Anali wowotcherera wa diso limodzi, koma geti lawo silinkapendama, ndipo ena amene anaponya miyala aja amagona lero kuseri kwa mageti awo. Nthawi zina oledzera ankaima pamsewu n'kukuwa kuti, "Sefa!" Iwo ankangotsitsa chigoba kumaso n'kuyatsa moto. Sanatukwanepo munthu. Kutukwanako tinkawatukwanira ndi ife.

Sitikunena kuti anali mngelo. Anali ouma mutu, ndipo akakhumudwa ankatha masiku atatu osalankhula ndi munthu m'nyumba. Tsiku la mpira wailesi inkazimitsidwa, ndipo mwana wobweretsa mpira pakhomo ankaupeza mawa lake uli m'dzala. Koma ana onse anayi anawaphunzitsa ndi moto wa pashedi umenewo, ndipo palibe anagona ndi njala.

Mu 1997, patatha zaka khumi ndi ziwiri, anaganiza kuti mwina anthu anaiwala. Anavala jekete, anagula tikiti, n'kupita kukaonera timu ya dziko. Mlonda wa pageti anawazindikira. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Akuluakulu, tsiku la penate lija ine ndinanyamula nawo mwendo uwu. Koma dzina lanu lili papepala ili. Ndikakulowetsani, mawa ana anga adya chiyani?" Malemu anamupatsa tikitiyo kuti apatse wina, n'kubwerera wapansi. Atafika anapachika jekete, n'kupita kushedi kukamaliza wilibala ya munthu. Sanayeserenso.

Koma mlandu suola. Pa 19 Ogasiti 2011, dokotala uja anafika pashedi atakalamba, akuyendera ndodo. Anatulutsa m'thumba pepala lachikasu lopinda kanayi, kope ya lipoti limene linasowa lija. Anati, "Achimwene, ndinaopa ntchito. Pepalali ndalisunga m'Baibulo zaka 26." Malemu anazimitsa moto, anapukuta manja, anawerenga pepalalo pang'onopang'ono ndi diso lawo limodzi, kenako anati, "M'Baibulo, adokotala? Ndiye kuti simunkalitsegula kawirikawiri." Anawapatsa mpando. Dokotalayo atapempha madzi akumwa, mayiwa analoza mpopi wa kutsidya kwa msewu. Dokotalayo anamwalira chaka chomwecho. Mwa atatu amene anali m'chipinda muja, ndi yekhayo amene anabwera ndi miyendo yake munthu akadali ndi makutu. Za iye tisiyire pomwepo.

Sabata yotsatira malemu ndi mwana wawo woyamba anapita ndi pepalalo ku ofesi ya bungwe, kumene woyang'anira timu uja anali atakhala kale pa mpando waukulu. Anawakhazika pa benchi la m'khonde kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mlembi ankatuluka ola lililonse kudzanena kuti abwana ali pa msonkhano, uku fungo la nkhuku yokazinga likudutsa kunsi kwa chitseko. Moyang'anizana ndi benchilo panali chithunzi cha 1982 chija, m'felemu yagolide. Malemu anali atadulidwamo ndi lumo. Koma wodulayo anachita ulesi, moti paphewa la apampando panatsala dzanja la pulasitala, lopanda mwini wake. Malemu anakhala maola asanu ndi atatu akuyang'ana dzanja lawo lomwe. Pamapeto pake apampando anatulukira khomo la kuseri, ndipo mlembi anati, "Siyani pepalalo, komiti iunika." Mwanayu, poti chiswe cha kumeneko amachidziwa, anasiya fotokope. Banja linalemba makalata asanu ndi awiri pambuyo pake. Yankho linali lomwelo: komiti ikuunika.

Mu Malichi 2017 malemu anagwa ali pa ntchito, ndipo mbali ya kumanja inafa. Kuchipatala anawapezanso ndi matenda a shuga. Dzanja limene linagwira penate lija linkachita kuikidwa pa pilo ndi mayiwa. Anawasamalira pakhomo zaka ziwiri ndi theka, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Mwa onse amene anavala nawo jezi ya dziko, amene ankabwera ndi mmodzi: goloboyi wachiwiri uja anasiyidwa pabwalo la ndege. Ankafika Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, kudzawameta ndevu. Ankati, "Akanandikweza ndege ija, bwenzi Sefa ndili ine." Ndi nthawi yokhayo imene malemu ankaseka za mpira.

Pa 27 Sepitembala 2019 matenda anakula ndipo anagonekedwa m'chipatala. Mwana wawo woyamba anawafunsa ngati pali chimene akufuna. Anayankha lilime likulemera kuti, "Asandipepese ayi. Angonena pa wailesi, pomwe ananamira paja, kuti sindinagulitse. Zidzukulu zimve." Mwanayu anathamangiranso ku ofesi ija. Anamuuza kuti apampando ali kunja kwa dziko, ku msonkhano wa chitukuko cha mpira. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 8 Okutobala 2019, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mayiwa atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 62.

Lachinayi, thupi lili ku nyumba ya chisoni, galimoto la bungwe linaima pakhomo ndi kalata. Komiti imene inaunika zaka zisanu ndi zitatu osaona kanthu inakumana tsiku limodzi n'kuona zonse, itamva kuti ku maliro kubwera atolankhani. Kalatayo ndi iyi, ndiwerenga mzere umodzi wokha: "Mwa chifundo cha bungwe, chilango chija chachotsedwa, ndipo kuyambira lero ndi omasuka kusewera, kuphunzitsa ndi kulowa m'bwalo lililonse la mpira." Alamu, mwamva? Akuti mukhoza kudzuka mukavale magolovesi. Kalatayi ili ndi mizere isanu ndi inayi, taiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mulibe mawu oti sanagulitse. Akuti awakhululukira. Wakuba wakhululukira mwini munda.

Pamodzi ndi kalatayo, bungwe linapempha zinthu zitatu: kuti liyale jezi ya dziko pabokosi, kuti apampando apatsidwe mphindi khumi alankhule, ndi kuti bokosi linyamulidwe ndi osewera akale. Mayi aferedwawa ayankha, ndipo andiuza kuti ndisawakometsere mawu. Akuti jeziyo munawavula ali moyo, musawaveke atauma. Akuti mphindi khumizo apampando akazigwiritse ntchito pa wailesi, njira yake akuidziwa. Akuti bokosi anyamula ndi amene ankanyamula nawo zitsulo. Nkhata yaikulu ija taiimika pageti, adalaivala a bungwe asaiwale pobwerera, ndipo kalatayi tiika pomwepo.

Poti pa wailesi pakanika, banja linena pano, apampando ali pomwepa, akaputeni ali pomwepa, zidzukulu zikumva. Malemu sanagulitse mpira. Anasewera atavulala chifukwa anaopsezedwa, anataya diso chifukwa cha dziko lino, ndipo anasenza bodza la anthu ena zaka 34. Amene akutsutsa aimirire tsopano, ndidikira.

Zikomo. Abusa, mwaona nokha kuti palibe waimirira.

Malemu asiya mayi, amene akhala nawo zaka 38. Ana anayi, woyamba mphunzitsi, wachiwiri woyendetsa magalimoto akuluakulu, wachitatu wowotcherera amene watenga shedi, ndi chitsirizira namwino. Zidzukulu zisanu ndi zinayi. Azichemwali awiri ndi mng'ono mmodzi. Banja likuthokoza anamwino a wodi ya abambo, amene ankawatembenuza osafunsa kuti anali ndani. Likuthokoza a mpingo, owotcherera anzawo amene atseka mashedi masiku atatu, mayi ogulitsa makala amene ankasesa pashedi zaka zonse za matenda, anansi amene anabwereketsa mipando, ndi mnzawo wometa ndevu uja, amene wakhala kumbuyo uko chifukwa mipando ya kutsogolo anaipeza yodzaza. Amene sitinawatchule asaganize kuti tawaiwala.

Pitani bwino, alamu. Kumene mukupitako kulibe komiti. Mzimu wanu uuse mumtendere.